Musanasaine kugula breka, muyambe mwaona TRV yake

Anzanga a zamalaiti, makamaka inu achinyamata amene mwangochoka ku koleji ndiye akupatsani fayilo kuti musankhe breka ya pa sabusitesheni kapena ya pa fakitale, nambala ya kA ija yolembedwa pa nameplate, yosonyeza karenti ya folti imene breka ingadule, si mathero a nkhani. Ambiri timangoona kuti folti ya pamalopo ndi 8 kA, breka ndi ya 25 kA, basi tasaina, ati mpata ulipo wambiri. Koma breka imatha kulephera pa karenti yaing'ono ndithu, chimene chaipha ndi voteji imene imalumpha pakati pa ma contact ikangodula kumene. Voteji imeneyo ndiye TRV, transient recovery voltage, ndipo pano ndikufuna ndikuonetseni mmene ine ndimayendera nayo, ndi calculator chabe ndi pepala, kompyuta isanalowepo.

Malaiti athu kuno ku Zambia ndi a 50 Hz, ndiye karenti imadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi imodzi, pa 10 ms iliyonse. Breka ikatsegula ma contact karenti siima pomwepo ayi, pamabuka arc, moto uja, ndipo karenti imapitiriza kuyenda m'motomo mpaka ifike pa ziro. Pa ziropo ndi pamene arc imazima. Manje ma contact awiri aja atsala payekhapayekha, ina ikumvera mbali ya kumene malaiti akuchokera, ina ikumvera mbali ya laini kapena ya thiransifoma, ndipo mbali iliyonse ili ndi inductance yake ndi capacitance yake. Voteji ya mbali iliyonse imathamangira pomwe iyenera kukhala koma siimapo nthawi yomweyo, ili ngati katungwe, ukamusiya ali pamwamba saima pakati, amapitirira mbali inayo kenako n'kubwerera. Kusiyana kwa mbali ziwirizo ndiye TRV. Nthawi yomweyo mpata wa pakati pa ma contact ukadali wotentha, ukuyesa kuzizira kuti ukhalenso insulation. Ukachedwa kuzizira voteji n'kuupeza usanalimbe, arc imabukanso. Zonsezi zimatha mu ma microsecond ochepa, palibe relay imene ingakuthandizeni pamenepo.

Ndiye pali nambala ziwiri zoti muzisunge m'mutu. Yoyamba ndi peak, voteji ifika pati. Yachiwiri ndi RRRV, liwiro lake pokwera, mu kV/µs. Anthu amakonda kuiwala yachiwiriyi, chonsecho ndi imene imavutitsa kwambiri.

Poyambira penipeni ndi single line diagram, drawing yoonetsa mmene zida za pamalopo zalumikizidwira. Ikani chala pa breka imene mukuifuna, muone kumanzere kwake kuli chiyani, kumanja kuli chiyani. Kebulo kapena laini ya pamitengo? Yaitali bwanji? Thiransifoma ili mamita angati kuchokera pa breka? Pali reactor, kapasita banki, mota yaikulu, jeneleta? Neutral anaiika bwanji pa earth? Ngati drawing ndi yakale pitani mukaone ndi maso, chifukwa malo ambiri anasinthidwa kangapo koma pepala linatsala mmene linalili, ndipo mukatero muyende ndi permit ndi munthu wovomerezeka, si malo ongolowa poti muli ndi ovolosi ndi helimeti.

Kenako muwerenge zimene brekayo inayesedwa. Standard imene ogulitsa ambiri amatchula ndi IEC 62271-100, ena makamaka a ku America amatsata IEEE C37.04, ndipo IEEE C37.011 ndiye kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka TRV. Masamu a peak ndi osavuta: mutenge voteji ya breka, muchulukitse ndi 0.816 kuti mupeze peak ya feizi imodzi, kenako muchulukitse ndi kpp komanso ndi kaf. Kpp ija ndi first-pole-to-clear factor, imabwera chifukwa ma pole atatu sazima limodzi, imene yayamba kuzima imasenza katundu woposa zinzake. Pamene neutral ili pa earth molimba kpp ndi 1.3, pamene siili choncho ndi 1.5. Kaf ndi kupitirira kwa katungwe kuja, pa folti yonse ya 100% nthawi zambiri ndi 1.4.

Tiyese. Breka ya 145 kV, imene timaika pa 132 kV: 145 × 0.816 × 1.3 × 1.4, mupeza 215 kV, ndipo liwiro lake mu standard, pa folti ya pa terminal ya breka, ndi 2 kV/µs. Ya 362 kV, ya pa malaini a 330 kV ngati ija yochokera ku Pensulo kudutsa ku Msoro kufika ku Chipata West, masamu omwewo akupatsani 538 kV. Ya 12 kV ya m'ma panel a 11 kV, ndi kpp ya 1.5, ndi 20.6 kV mu 61 µs, ndiye 0.34 kV/µs chabe.

Pa 33 kV ndi pamene ndikufuna muchenjere, poti ndi pamene ambiri a ife timagwira. Mabreka a pansi pa 100 kV anawagawa pawiri, S1 ndi S2. S1 ndi ya malo a makebulo, S2 ndi ya malaini a pamitengo. Breka ya 36 kV ya S1 inayesedwa pa 61.7 kV mu 109 µs, pamene ya S2 ndi 67.9 kV mu 57 µs, mukuona liwiro lawirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti kebulo ili ndi capacitance yambiri, imafewetsa kakweredwe ka voteji, pamene waya wa pamitengo alibe zimenezo. Manje kuno kwathu ku Eastern mafida ambiri ndi a pamitengo, kuyenda makilomita ambirimbiri kulowera ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi, ndiye wina akakubweretserani quotation yotchipa ya breka ya S1 kuti muike panja pa fida yotere, mufunseni kawiri. Pa nameplate zonse ziwiri zilembedwa 36 kV, 25 kA, kufanana ndendende, kusiyana kuli pa zilembo ziwiri zija basi.

Chinanso, breka siiyesedwa pa karenti yonse yokha. Pali T100, T60, T30 ndi T10, kutanthauza 100%, 60%, 30% ndi 10% ya kA yake, ndipo karenti ikamachepa TRV imene akuiyesera imakhala yothamanga kwambiri. Si kuti anthu a standard anasokonezeka, ndi mmene zimakhalira pamalo enieni: folti yaing'ono kawirikawiri ndi imene yadutsa mu thiransifoma imodzi, ndipo thiransifoma ili ndi inductance yambiri koma capacitance yochepa.

Tiyeni tikhalitsepo pamenepa poti ndi pamene pamagwa anthu. Tinene kuti muli ndi thiransifoma ya 10 MVA, 33/11 kV, impedance 10%, breka ya 11 kV mwaiika pafupi penipeni, mwalumikiza ndi busbar yaifupi. Impedance mu ma ohm ndi 0.1 × 11 × 11 ÷ 10, ndiye 1.21 ohm. Gawani ndi 314 mupeze inductance, 3.85 mH. Folti ikachitika kuseri kwa breka karenti yake ndi pafupifupi 5.2 kA, pa breka ya 25 kA munthu n'kumaseka kuti iyi ndi nthabwala. Koma capacitance ya pamenepo ndi ya ma bushing ndi mawaindingi chabe, tiyerekeze 2 nF. Frequency ya TRV ndi 1 ÷ (2π√LC), muike manambala mupeza pafupifupi 57 kHz, ndiye peak ikufika mu 9 µs. Peak ya 23 kV mu 9 µs ndi 2.5 kV/µs ndi kupitirira, pamene T30 ya breka ya 12 kV ya S1, mayeso oyandikira karenti imeneyi, imapereka nthawi ya 13 µs. Mwaona? Karenti ili pansi kwambiri koma liwiro ladutsa kale mzere.

Manje sinthani chinthu chimodzi. Pakati pa thiransifoma ndi breka muikepo kebulo ya XLPE ya mamita 50. Kebulo ya 11 kV imakhala ndi pafupifupi 0.3 nF pa mita, zimatengera saizi yake, ndiye mwaonjezera 15 nF, zonse pamodzi 17 nF. Frequency yatsika kufika pa 20 kHz, peak ikubwera mu 25 µs, liwiro latsika pansi pa 1 kV/µs, vuto latha popanda kugula china chilichonse. N'chifukwa chake ine ndikamva kontilakita akunyadira kuti wafupikitsa kebulo kuti asunge ndalama, wasendeza panel pafupi ndi thiransifoma, ndimayamba ndatenga calculator ndisanamuyamikire. Vuto lomweli limakula kwambiri pamene pali series reactor yochepetsa folti, poti reactor ya air-core capacitance yake ndi yochepetsetsa, ndipo amene amadziwa amaigula pamodzi ndi kapasita yake.

Pa malaini aakulu mdani ndi wina, short-line fault. Iyi ndi folti imene yachitika pafupi ndi sabusitesheni, kilomita imodzi kapena angapo, monga mphezi ikamenya laini nthawi ya dzinja kapena moto wa tchire ukadutsa pansi pa mawaya mu Sepitembala ndi Okutobala. Karenti imakhala yatsika pang'ono chabe poti laini ndi yaifupi, koma breka ikadula, voteji imene inatsala pa kachidutswa ka laini kaja imathamanga kupita pa folti n'kubwerera, kupita n'kubwerera, pa oscillogram imaoneka mano a sowo. Liwiro lake ndi surge impedance ya laini kuchulukitsa ndi di/dt, liwiro limene karenti ikutsikira pofika pa ziro, ndipo standard imatenga 450 ohm. Breka ya 40 kA pa 90% ndi 36 kA, di/dt ndi 1.414 × 314 × 36,000, pafupifupi 16 A pa µs, kuchulukitsa ndi 450 ndi 7.2 kV/µs. Yerekezani ndi 2 kV/µs ija ya folti ya pa terminal. Peak yoyamba si yaikulu, koma ikubwera gasi wa mu breka asanazizire n'komwe. Ndiye pa breka iliyonse ya laini muone kuti mu type test report, lipoti la mayeso a brekayo, muli L90 ndi L75, mayeso a short-line fault pa 90% ndi 75%.

Apa ndi pamene mtundu wa breka umaonekera, chifukwa breka nayo imasintha TRV imene ikuiona, siingolandira chabe. Ya gasi wa SF6 ndi yamphamvu pa peak yaikulu koma ma microsecond oyambirira aja imavutika nawo, n'chifukwa chake zina mumaziona zili ndi kapasita ku mbali ya laini. Ya vacuum imachira msanga kwambiri, liwiro la TRV siliiopsa kwenikweni, koma ili ndi khalidwe lake loipa limene nditchule pansipa. Mabreka a mafuta ndi a air-blast amene akadalipo m'malo akale, ena anali ndi ma resistor amene amalowa potsegula, ntchito yake kufewetsa kugwedezeka kwa voteji kuja. Zikuluzikulu za ma chamber awiri pa pole imodzi zimakhala ndi grading capacitor kuti chamber iliyonse isenze theka la TRV, kapasita imodzi ikafa chamber imodzi imasenza zambiri yokha. Ngakhale arc yeniyeniyo ili ndi voteji yake imene imatsitsa karenti pang'ono isanafike pa ziro. Ndiye mukachotsa breka yakale n'kuikapo ya mtundu wina pamalo omwewo, masamu muyambirenso, osangoti kA ndi imodzimodzi.

Khalidwe loipa lija ndi current chopping. Karenti ikakhala yaing'ono, breka imatha kuidula isanafike pa ziro. Vacuum za masiku ano za ma contact a copper-chromium zimadula pa ma amp ochepa, 3 mpaka 5 kawirikawiri, ndipo za SF6 nazo zimachita. Zikumveka zazing'ono koma mphamvu imene inali mu inductance ilibe kopita, imathira yonse mu capacitance yochepa ija, voteji yake ndi karenti yodulidwayo kuchulukitsa ndi √(L/C). Tengani shunt reactor ya 10 Mvar pa 33 kV, inductance yake ndi 0.35 H, pa 2 nF √(L/C) ndi pafupifupi 13,000 ohm, kuchulukitsa ndi 4 A mwapeza 53 kV, pamalo pamene peak ya feizi ndi 27 kV. Ndipo ngati ma contact anali asanatalikirane, arc imabukanso, vacuum n'kudulanso, kubukanso, kudulanso, ulendo uliwonse voteji ikukwererakwerera. Breka imatulukamo bwinobwino, chimene chimafa ndi mawaindingi oyambirira a mota kapena a thiransifoma ya dry-type. Ndinaitanidwapo pa fakitale ina pomwe mota ya 11 kV inapsa kawiri, eni ake akuloza chala amene anachita rewind, koma titatsegula tinapeza kupsa kuli pa ma coil oyambirira a ku terminal kokha, kwina konse vanishi ali gwa, ndipo mota imeneyo opareta ankakonda kuizimitsa ikadali kunyamuka, karenti ya starting isanatsike. Panalibe surge arrester, chodulira nsonga ya voteji, olo RC snubber, resistor ndi kapasita zofewetsa voteji. Pa ntchito za ma reactor ndi ma mota standard yake ndi ina, IEC 62271-110, mufunse ngati breka inayesedwa pamenepo.

Kapasita banki ndi laini yaitali yopanda lodi zili ndi vuto lotembenuka. Karenti ndi yochepa, imadulidwa mosavuta, koma kapasita imatsala yodzaza pa peak pomwe mbali ya sosi ikupitiriza kuzungulira, pakatha 10 ms pakati pa ma contact pali peak ya feizi kuwirikiza kawiri, pa 33 kV ndiye 54 kV, ndipo banki ikakhala yosaikidwa pa earth imafika kawiri ndi theka. Mpata ukabooka pamenepo ndi restrike, voteji ya pa banki imatha kulumpha kufika katatu. Apa pemphani breka ya class C2 basi, imene restrike imachitika mwa apo ndi apo kwambiri kuposa pa C1, musalimbane ndi C1 pa banki imene izizimitsidwa tsiku ndi tsiku. Pomwe pali jeneleta kapena sola yaikulu imene ingasemphane ndi gridi muonenso out-of-phase, kudula mbali ziwirizo zitasemphana, kpp yake ndi 2.0 kapena 2.5.

Mukapeza kuti TRV ya pamalo yadutsa ya breka, mankhwala amatengera chimene chadutsa. Ngati ndi liwiro, ikani kapasita, kuchokera pa feizi kupita ku earth mbali imene ikuthamangayo, kapena talikitsani kebulo. Pa chitsanzo cha thiransifoma chija 0.1 µF ikutsitsa frequency kufika pa 8 kHz. Ngati ndi peak, surge arrester kapena breka ya voteji yokwererapo, mwachitsanzo ya 24 kV pa sisitimu ya 11 kV. Musasokoneze ziwirizi chonde, arrester imadula nsonga koma siichepetsa liwiro, imayamba kugwira voteji itakwera kale, ndipo kapasita imachedwetsa koma nsonga imatsala pafupifupi pomwepo. Pa ma mota ndi ma thiransifoma a dry-type RC snubber ndiyo imathandiza, iikidwe pafupi ndi chinthu chimene mukutetezacho, osati kutali ku panel. Pa ma reactor ndi ma banki aakulu pali controlled switching, karelay kamene kamasankha nthawi yotsegulira pole iliyonse kuti pofika pa ziro ma contact akhale atatalikirana mokwanira, koma imafuna breka ya mekanizimu pa pole iliyonse. Ndipo kapasita musangoiponyapo, pafupi ndi ma VT, mathiransifoma oyezera voteji, imatha kuyambitsa ferroresonance, kugwedezeka kwa voteji kumene kumatha kuwotcha VT.

Masamu a pamanjawa ntchito yake ndi kukuuzani ngati pali fungo la vuto. Mukaona kuti mwayandikira mzere, kapena ndi 132 kV kupita m'mwamba, pamafunika study ya pa kompyuta, ATP-EMTP kapena PSCAD, ndipo asaine ndi injiniya wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya kuno ku Zambia. Kwa ogulitsa musalandire kabulosha kokongola kokha, pemphani type test report yonse yochokera ku labu yodziwika ngati KEMA ya ku Arnhem kapena CESI ya ku Milan, muone kuti model ndi yomweyo imene akukugulitsani, mekanizimu yomweyo, pulesha ya gasi yomweyo. Ena amabweretsa tsamba loyamba lokha, muwabweze akatenge onse.

Pomaliza breka ikaikidwa, mphamvu yake yopirira TRV imadalira kuti ikutsegula pa liwiro limene inayesedwera. Girisi akauma, sipuling'i ikafooka, ma contact amatalikirana mochedwa ndipo manambala onse aja a mu report sakukukhudzaninso. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, load shedding inachititsa kuti mabreka a mafida azitsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lililonse, pomwe ambiri anazolowera kugwira kangapo chabe pa chaka, ndiye yang'anani counter, musangodalira kalendala. Chitani timing test muone ngati ma pole atatu akutsegula limodzi, travel curve ngati makina ake muli nawo, contact resistance ndi micro-ohmmeter, geji ya SF6 muiwerenge molingana ndi kutentha kwa tsikulo poti ku Mfuwe mu Okutobala singano imakwera yokha, ndipo botolo la vacuum liyesedwe ndi hi-pot, mayeso a voteji yaikulu, komanso muone kachizindikiro ka kutha kwa ma contact. Breka ikadula folti yaikulu tsitsani rekodi ya mu relay, ngakhale relay singaone ma microsecond, mukaona karenti yazima pa feizi ina kenako yabwereranso kwa theka la cycle, breka imeneyo ipatseni outage muitsegule.

Za ka MCB, kabreka kakang'ono ka m'nyumba pa 230 V musavutike ndi masamu onsewa, kamazimitsa arc ndi timapuleti take tam'kati. Chokhacho inu oika masola, MCB ya AC musaiike ku mbali ya mapanelo, DC ilibe ziro yodikirira, arc ikabuka imangoyaka mpaka bokosi lisungunuke, gulani yolembedwa DC ya voteji yokwanira string yanu.